Chifukwa Chimene Ndinkatsalira Kumbuyo

Loweruka lililonse m'mawa, achinyamata a kumpingo kwathu timakwera kaphiri kamene kali kumapeto kwa tauni. Gulu lathu lili ndi lamulo limodzi lokha: wina ayende patsogolo kuonetsa njira, wina ayende kumbuyo kwa onse kuti pasapezeke munthu wotsala yekha m'tchire. Wakumbuyoyo saloledwa kupitirira aliyense, ngakhale munthuyo azikwawa ngati nkhono. Ntchito imeneyi ndi ya mphunzitsi wina wa masamu, wamtali, wofatsa, amene tonse timangomutcha a Mchira. Pa nthawi imene ndikunenayi, ukwati wa ine ndi iwo unali utatsala miyezi inayi.

Ine ndine telala. Ndimasoka mayunifolomu a kwaya ndi madiresi a akwati pakhonde la nyumba ya amayi anga. Ndinalowa gululi zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira tsiku loyamba ndinkatsalira kumbuyo. Umu ndi mmene tinadziwirana.

A Mchira ankakonda kufotokozera anthu nkhani yathu. "Mtsikana uyu anandisaka mwanzeru," ankatero. "Anzake onse akuthamangira pamwamba, iye akumasula nsapato n'kumanganso, akuima kuyang'ana maluwa, akufunsa dzina la mbalame iliyonse. Ndinati, Ambuye, ngati ichi si chizindikiro, ndiye kuti ine sindidziwa kuwerenga."

Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo. Koma panali chinthu chimene ndinali ndisanawauze. Ndili ndi mphumu kuyambira ndili mwana. Kumanga nsapato kuja kunali kuba mpata woti ndipume, ndipo m'thumba la siketi yanga munkakhala kabotolo ka mankhwala opopera m'kamwa, kamene ndinkapopera ndikabisala kuseri kwa mtengo.

* * *

Loweruka limenelo tinafika pamwala wathu wafulati, pakatikati pa ulendo, anzathu atasowa kale m'mitengo. A Mchira anayala jekete lawo kuti ndikhalepo, kenako anatulutsa pepala m'chikwama.

"A Telala, pukutani m'manja. Pepala ili ndi la moyo wathu."

"Ndi kalata yondikana?"

"Ndingakane bwanji munthu amene anandiyeza kale suti? Mungandisokere mkono umodzi waufupi." Anakhala pambali panga. "Atsegula masukulu awiri atsopano kutali ndi kuno, ndipo akufuna aphunzitsi. Ena a ife tisamuka, tifune tisafune, koma atilola kusankha kopita. Fomu iyi ikhale itabwerera pofika Lachisanu."

Anayamba ndi tauni ya kumtsinje. Anawerenga mofulumira ngati mlembi wa mpingo akulengeza za misonkhano. Kumeneko ndi kuchigwa, kotentherako, dziko lake lafulati. Kuli msewu wautali wa mitengo m'mbali mwa madzi, anthu amayenda pa njinga, ena amapalasa mabwato, ndipo mbalame zilipo zamitundumitundu.

Atafika pa tauni ya kumapiri, mawu awo anasintha ngati munthu amene akuyambitsa nyimbo.

"Kumeneko nkhungu imafika mpaka pawindo. Mitengo ya paini, mathithi atatu, njira zokwera zoti chaka chimatha usanazimalize. M'mawa madzi a m'ndowa amachita kuluma zala. Tauni ino yanditopetsa ndi utsi ndi phokoso, a Telala. Ndimafuna nyumba yoti ndikatsegula chitseko, njira ya kuphiri iyambire pomwepo. Ana athu adzaphunzira kukwera asanaphunzire kuthamanga."

Nditamva za madzi oluma zala, chifuwa changa chinayamba chokha kumangika.

"Ndipo ndikuganizira inu kwambiri," anapitiriza. "Palibe munthu m'gulu lino amene amaliyang'ana phiri nthawi yaitali ngati inu. Enawa amangolidutsa."

Pamenepo mpata unalipo. Mulungu anali atatsegula khomo, ine ndikuliona. Koma ndinayang'ana nkhope yawo, yowala ngati ya mwana amene wamugulira nsapato zatsopano, ndipo ndinangoti, "Kumapiriko kukumveka kokoma."

Tinamva miyala ikugubuduka. Anali Gwape, mtsikana amene amatitsogolera, Mutu wa gulu lathu. Amaphunzitsa zamasewera pasukulu yomweyo ya a Mchira, ndipo dzina limeneli tinamupatsa chifukwa satsika phiri ngati munthu, amachita kulumpha. A Mchira asanandidziwe ine, anthu ambiri kumpingo ankati Mutu ndi Mchira ndi nyama imodzi, adzakwatirana basi. Gwape sanaiwale zimenezo.

"Abale, tafika kale pamwamba, tapemphera, tadya, inu mukadali pano?" Anaona pepala lija. "Eee, fomu! Ine yanga ndalemba kale. Kumapiri. Kumtsinje ndidzapita ndikadzakalamba." Kenako ananditembenukira. "A Telala, kumeneko ngakhale kukagula mchere n'kukwera mtunda. Mudzatha?"

"Atha," anayankha a Mchira. "Amangoyenda mwaulemu."

Iwo atawerama kuti abweze pepala m'chikwama, Gwape anandigwira dzanja ngati akundipatsa moni, n'kundifumbatitsa kanthu. Kanali kachivindikiro kabuluu ka kabotolo kanga.

"Munagwetsa sabata yatha, kuseri kwa mtengo uja," ananong'ona. "Mng'ono wanga ali nako konga komweka."

* * *

Lolemba madzulo ndinali pamakina, amayi akusita, achemwali anga atakhala pampando akupukuta nsapato zawo za kuntchito. Ndinatchula za kumapiri ngati nkhani ya nyengo chabe. Amayi anaimika simbi.

"Kumapiri kuti? Kozizira?"

"Amati kumazizira pang'ono m'mawa."

"Pang'ono!" Achemwali anaseka mpaka kugwetsa bulashi. "Iwe amene ukatsegula fuliji umatsokomola sabata yonse?"

"Achemwali, musakokomeze."

Amayi sanaseke. Anakhala pansi pafupi ndi makina anga, n'kugwira nsalu imene ndinkasoka kuti ndileke.

"Mwana wanga, unali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinakacheza kwa azakhali ako kozizira kuja. Iwe sukumbukira bwino, ine ndimakumbukira. Masiku asanu m'chipatala, milomo itada, ine nditagwada pasimenti. Adokotala anandiuza mawu awiri okha: mphepo yozizira ayi, mitunda ikuluikulu ayi. Kaphiri kanu ka Loweruka ndinakalola chifukwa n'kakang'ono, ndipo madzulo umagona m'nyumba mwanga. Mphunzitsi wakoyo akuti chiyani za chifuwa chako?"

Ndinayang'ana singano.

"Sunamuuze," anatero achemwali. "Ambuye wanga! Zaka ziwiri? Ndiye umati adzazindikira liti, usiku wa ukwati ukadzayamba kulira ngati ketulo?"

"Poyamba ndinkachita manyazi," ndinatero. "Kenako anayamba kufotokozera anthu kuti ndinkatsalira chifukwa cha iwo. Amaikonda nkhani imeneyo, amayi. Ndi mmene amadziwira kuti ndinawasankha. Ndikawauza zoona, ndiwalanda chinthu chimene amanyadira."

"Ndiye wasankha kuwapatsa mkazi wa m'chipatala m'malo mwake?"

"Mwina Mulungu andichiritsa tikafika kumeneko."

"Usamuyese Mulungu," anatero amayi, mawu awo ali pansipansi. "Iye amachiritsa, inde, koma samanga nyumba pa bodza. Mnyamata uja ndimamukonda ngati wobala ndekha. Koma mvera: ine sindidzavala diresi la ukwati umene ukutengera mwana wanga kumanda. Ngati n'kumapiri, dalitso langa palibe. Ndipo ukapanda kumuuza pofika Lachinayi, ndidzamuitana ndekha, akhale pampando uwo, ndimuuze zonse."

* * *

Lachiwiri masana foni yanga sinapume. A Mchira anatumiza chithunzi cha nyumba za aphunzitsi za kumapiri, zofolera ndi malata obiriwira, zitakhala pamwamba pa chitunda ngati zisa za mbalame.

"Mnzanga wawerenga masitepe ochokera pamsewu," analemba. "Alipo 140. Sitidzafunanso Loweruka, tsiku lililonse lidzakhala Loweruka."

Kenako chithunzi cha mathithi. Kenako cha kakhonde kakang'ono. "Makina anu adzakhala apa. Muzidzasoka mitambo ikudutsa pansi panu."

Ndinayamba kulemba. "Pali chinthu chimene ndiyenera kukuuzani za thupi langa." Ndinafufuta. Ndinalembanso, "Kodi kumtsinje munakuganizira bwino?" Ndinafufutanso. Ndili pomwepo, uthenga wina unalowa, wochokera kwa Gwape.

"Mwamuuza? Sindikulowerera za eni, koma munthu uja mapiri ndi moyo wake. Akadziwa, asankha kumtsinje chifukwa cha chisoni, ndipo adzakhala akuyang'ana kumapiri mpaka imvi. Ena amafuna woyenda naye, osati womudikira."

Mawu amenewo anandilowa ngati singano ya makina ikaboola chala. Choipa chake n'chakuti sanali abodza onse. Ndinaona a Mchira ali pa njinga m'dziko lafulati, akumwetulira mwaulemu, mtima uli kwina. Ndinaonanso Gwape akulumpha masitepe 140 aja, nkhungu ili m'miyendo. Nsanje inandigwira, ndipo nsanje si mlangizi wabwino. Ndinatsegulanso uthenga wa a Mchira, n'kulemba mofulumira ndisanadzifunse:

"Sankhani kumene mtima wanu uli. Ine ndili pambuyo panu."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Pambuyo panga ayi, lamulo sililola. Inu patsogolo, ine kumbuyo, mpaka imfa. Mwandisangalatsa lero, a Telala."

* * *

Lachitatu tinali ndi kwaya. Ine ndimaimba alito, ndipo ndinaphunzira kalekale kuba mpweya pakati pa mzere pamene ena sapuma, mwakachetechete, kuti wotsogolera asamve. Tsikulo tinkaphunzira nyimbo yakale ya m'buku, yonena za Mulungu amene amaona zobisika ndipo satitaya. Titafika pa vesi lachitatu ndinaba mpweya monga mwa nthawi zonse, ndipo mwadzidzidzi ndinadziona mmene ndinalili: munthu wakuba mpweya paliponse, m'nyimbo, paphiri, ngakhale m'chikondi.

Ndinkadzinamiza kuti ndikufanana ndi mkazi uja wa m'Malembo amene anasiya kwawo n'kutsatira banja la mwamuna wake kudziko lachilendo. Koma mkazi ameneyo sanabise kanthu m'thumba la siketi.

Anzanga atatuluka ndinatsala pabenchi. Sindinapemphe kuti andichiritse. Ndinangoti, "Atate, mpweya uwu ndi wanu, munandipatsa mwa muyezo umene munafuna. Ndipatseni wokwanira kunena zoona mawa. Zotsalazo zili m'manja mwanu."

* * *

Lachinayi, ataweruka, ndinawapempha kuti tikumane kubwalo la mpira la kuseri kwa tchalitchi. Dzuwa linali litapendeka, udzu utangotchetchedwa kumene. Anafika choko chikadali pamkono wa malaya.

"Pabwalo lafulati chonchi?" anaseka. "Tikwera chiyani pano, golo?"

"Tambasulani dzanja."

Anatambasula. Ndinaika kabotolo kaja pachikhatho chawo. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kuwerenga timawu ta pambali pake pang'onopang'ono, monga amachitira ndi mayeso a ana.

"N'ka ndani?"

"N'kanga. Ndili ndi mphumu kuyambira ndili mwana. Mphepo yozizira imanditseka chifuwa, mitunda ikuluikulu imanditseka chifuwa. Ndinagonapo m'chipatala masiku asanu chifukwa cha malo onga kumene mukufuna kupitako. Amayi akuti ngati n'kumapiri, ukwati savomereza." Ndinaloza kumapazi kwanga. "Nsapato zija sizinkamasuka. Mbalame zija sindinkazifuna maina. Ndinkafuna mpweya."

Anayang'ananso kabotolo kaja. Kenako anakhala pansi pa udzu, munthu wamtali ngati ameneyo, mawondo atafika kuchibwano.

"Zaka ziwiri ndikuyenda kumbuyo kwanu," anatero, osandiyang'ana. "Ntchito yanga yonse n'kuona amene akuvutika. Ndipo sindinaone. Ndinkangoona zimene ndinkafuna kuona." Anaseka pang'ono, kuseka kopweteka. "Ndinaima pamaso pa abusa n'kunena kuti munandisaka. Ndiye kuti simunkatsalira chifukwa cha ine."

Ndinagwada pambali pawo.

"Miyezi itatu yoyamba, ayi. Ndinkatsalira chifukwa cha chifuwa, ndipo ndinkapemphera kuti bambo wamtaliyu andipitirire ndipume mwamtendere. Koma simunandipitirire. Simunayang'ane wotchi ngakhale tsiku limodzi. Mukukumbukira mwezi uja ndinajomba Maloweruka awiri? Ndinali kuchipatala, anandisinthira mankhwala. Kuyambira pamenepo kaphiri kathu kaja ndikanatha kukakwera pakati pa gulu, ndi anzanga a alito. Ndimapumabe movutika, koma osati ngati kale. Ndinayesa tsiku limodzi, ndinayenda pakati mpaka pamtengo wopindika. Nditacheuka, ndinakuonani kumbuyo muli nokha, mukuyang'ana pansi." Misozi inayamba kutsika. "Ndinawerama, n'kumasula nsapato ndi manja angawa."

Anadzutsa mutu.

"Munamasula dala?"

"Chaka ndi miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikumasula dala."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Kenako anatenga dzanja langa, n'kubwezeramo kabotolo kaja, n'kulifumbata ndi manja awo onse awiri.

"Iwe," anatero. Aka kanali koyamba kundiitana choncho. "Iwe, ukanakomoka kuseri kwa mtengo ine ndikudikira panjira ngati chitsiru, ndikanamuuza chiyani Mulungu? Ndikanawauza chiyani amayi?"

"Ndikhululukireni. Ndinkaopa kuti mudzasankha woyenda naye, osati womudikira."

"Mawu amenewo si ako. Wakuuza ndani?"

Anandiyang'ana m'maso, n'kudziwa okha.

"Tamvera," anatero. "Ine pamwamba pa kaphiri kaja ndimafika anthu akutsika kale. Zaka zitatu sindinaonepo dzuwa likutuluka pamenepo. Ukuganiza kuti ndikanakhala wokonda nsonga ndikanavomera ntchito ya kumbuyo? Mapiri ndimawakonda, sindikana, ndipo ndidzawasowa. Koma chimene ndimadzukira Loweruka ndi kuyenda pang'onopang'ono ndi munthu wofunsa maina a mbalame. Kumtsinje mbalame zilipo zambiri. Tidzagula njinga ziwiri."

"Ine sinditha kupalasa."

"Ndidzagwira chishalo kumbuyo. Paja ndi ntchito yanga."

Ndinaseka misozi ili m'masaya, ndipo mumtima ndinaimba. Ndinapuma mpweya wonse mpaka pansi pa chifuwa, wosaba, wanga.

Koma ndikupukuta m'maso, ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anasiya dzanja langa.

"Fomu," anatero.

"Mawa ndi Lachisanu. Mudzalemba kumtsinje m'mawa."

"Ndinapereka kale. Dzulo m'mawa." Anagwira mutu. "Utanditumizira uthenga uja, ndinalephera kudikira. Ndinalemba kumapiri, aphunzitsi aakulu anasaina, n'kutumiza tsiku lomwelo. Ndimafuna ndidzakudzidzimutse Loweruka pamwala wathu."

"Ndiye mawa mukapemphe kuti abweze. Tsiku lomaliza silinakwane."

"Ndipita m'mawa kwambiri, geti asanatsegule. Ndikagwada ngati n'kofunika."

Foni yawo inalira m'thumba la malaya. Anaitulutsa, n'kuiyang'ana, ndipo sanathe kundibisira. Unali uthenga wa Gwape, ndi chithunzi cha pepala lokhomedwa pabolodi la muofesi. Malo a kumapiri anali awiri okha, choncho amene anapereka msanga anali atapatsidwa kale. Woyamba anali Gwape, wachiwiri a Mchira. Pansi pake panalembedwa kuti ayambe ntchito pakatha milungu itatu, ndipo wosankhidwa sadzaloledwa kusintha malo mpaka zitatha zaka zitatu.

Pansi pa chithunzicho Gwape analemba kuti, "Mutu ndi Mchira! Nyumba zathu n'zoyandikana, ndafunsa kale."

* * *

Tinauyamba wa kunyumba. Mwachizolowezi, iwo ankayenda kumbuyo kwanga. Titafika pangodya ya msewu wathu ndinaima.

"Bwerani pambali panga," ndinatero. "Lero palibe wotsala."

Anabwera, n'kundigwira dzanja poyera, anthu akuona.

Amayi anali pakhonde, pafupi ndi makina anga, atavala diresi lawo la kutchalitchi ngakhale linali Lachinayi. Anali atatulutsa kale mpando uja. Anayang'ana maso anga ofiira, anayang'ana kabotolo kamene kanali poonekera m'dzanja langa, ndipo nkhope yawo inafewa.

"Ambuye alemekezeke, wanena," anatero. "Khalani pansi, mwana wanga, pano ndi panu." Anadikira mpaka a Mchira atakhala, kenako anapinda manja pamiyendo, akumwetulira. "Ndiye tsopano ndiuzeni. Mwana wangayu mukupita naye kuti?"

A Mchira anayang'ana ine, ine ndinayang'ana iwo. M'thumba la malaya awo, foni inaliranso.